Kuchoka pa chitupa kufika pa screenshot: ndani amasunga umboni ku Lundazi?

"Tumizani screenshot." Mawu awa tawazolowera moti sitimvanso kulemera kwake. Tikatumiza ndalama ya feteleza kwa amalume ku Mwase, safunsa zambiri, amangoti tione screenshot. A landilodi ku Kalingalinga nawonso chimodzimodzi. Gulu la chilimba pa WhatsApp, komiti ya maliro, mtsikana wogulitsa salaula pa Facebook, onsewa amakhulupirira kachithunzi kuposa pakamwa pathu. Timakanikiza mabatani awiri, sikirini imaphethira, basi: zimene zinali pa foni nthawi imeneyo zasanduka fayilo yoti tingasunge kapena kutumiza.

Ife tikuona kuti kachinthu kameneka kali ndi malo ake m'mbiri ya anthu wamba, ndipo Lundazi ndi pabwino poyambira. Osati kuti screenshot inayambira kumeneko, iyayi. Koma kwa zaka zoposa 100 anthu a boma limeneli, Atumbuka, Achewa ndi Angoni, akhala akukumana ndi funso limodzi lomweli: pakachitika kanthu pakati pa munthu wamba ndi boma, kampani kapena chipani, chikalata cha nkhaniyo chimatsala m'manja mwa ndani?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dera lino linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ndipo likulu lake linali Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Kwa amuna ambiri pepala loyamba kuligwira m'manja silinali kalata ya chibwenzi, linali lisiti la msonkho. Msonkhowo unkafunika m'ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Choncho amuna anauyatsa ulendo wapansi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku Migodi kwathu konkuno. Paulendo wotere pankafunika chitupa, chosonyeza dzina lako, mudzi wako, mfumu yako, ndiponso ngati msonkho unapereka. Chitupa chinkakhala m'thumba mwako, inde, koma sichinali chako. Mawu omaliza anali m'kaundula wa pa boma, wolembedwa m'Chingerezi, wosungidwa ndi kalaliki amene sunkatha kumuuza kuti tatsegulani bukulo tione. Chitupa chikanyowa powoloka Luangwa, kapena chiswe chikachidya mutsindwi, mawu ako ankalimbana ndi buku la bwana DC. Amene ankapambana tonse tikumudziwa.

Pa boma panalinso buku lina lalikulu, District Notebook. Boma lililonse linali nalo lake. Mzungu aliyense wolamulira akabwera ankawonjezamo zake: mibadwo ya mafumu, malire a madera awo, miyambo monga iye anaimvera, njala, matenda, misewu, mitengo ya zinthu. Mabuku amenewa lero ali ku National Archives of Zambia mu Lusaka, ndipo m'zaka za m'ma 2000 anajambulidwa tsamba ndi tsamba kuti asungidwe pa kompyuta ngati zithunzi. Mpaka pano pakabuka mkangano wa ufumu kapena wa malire, anthu amathamangira komweko kukafuna zimene zinalembedwa. Taganizani: banja lachifumu likukangana m'Chitumbuka, koma mboni yake ndi mnyamata wa ku England amene anamva nkhaniyo kupyolera mwa womasulira, atakhala pakhonde la hema, atatopa ndi ulendo. Ife a mafoni tiyenera kulimvetsa msanga vuto la buku lotere, chifukwa tikudziwa mmene screenshot imanamizira popanda kunama. Umangodula pamwamba ndi pansi. Zimene zatsala n'zoona ndithu, koma uthenga umene unayambitsa mkangano suoneka. District Notebook ndi chithunzi chodulidwa chotero, ndipo wodulayo anali mbali imodzi ya nkhani.

Ngakhale chinthu chimene chimajambulidwa kwambiri ku Lundazi chimanena zomwezo. Lundazi Castle, nyumba ya alendo ya nsanja zake zija pambali pa damu, inamangidwa pakati pa 1948 ndi 1952 ndi DC wotchedwa Errol Button. Dzina lake aliyense wopita kumeneko amalimva. Mayina a anthu amene anaumba njerwa ndi kuzisenza pamutu satchulidwa pa chithunzi chilichonse chimene timaika pa status.

Nchifukwa chake pamene ndale za ufulu zinatentha, mkwiyo unagwera pa pepala. Mu 1961, nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa poyera, makamaka ku Northern ndi ku Luapula. Koma pepala lina linali litatenga kale malo m'thumba lomwelo: khadi la UNIP. M'midzi yambiri ya kumpoto ndi kum'mawa, kukhala wopanda khadi kunayamba kuoneka ngati kugulitsa dziko. Apa ndi pamene nkhani ya Lundazi imawawa.

Mpingo wa Lumpa, umene Alice Lenshina Mulenga anayambitsa ku Chinsali atalandira masomphenya ake mu 1953, unali ndi anthu ambiri ku Lundazi. Pofika 1963 a Lumpa ndi a UNIP anali pa chidani choopsa. A Lumpa ankakana makhadi a chipani, matchalitchi awo ankatenthedwa, iwo nawo anasamuka m'midzi ya mafumu n'kukamanga midzi yawoyawo yotchingidwa ndi mipanda. Mu Julaye 1964, kutatsala miyezi itatu kuti dziko lilandire ufulu, Kenneth Kaunda ali nduna yaikulu, nkhondo inabuka ku Chinsali. M'bandakucha wa pa 3 Ogasiti a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, ndipo anthu pafupifupi 150 anaphedwa. Tsiku lomwelo mpingowo unaletsedwa. Asilikali anakathira nkhondo mudzi wa Chipoma kumene oukirawo anachokera, n'kupha anthu oposa 80. Pa 7 Ogasiti anthu a m'midzi yoyandikana anabwezera pa mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, ndipo anapha anthu 46, akazi ndi ana omwe. Lenshina anadzipereka patangopita masiku ochepa, otsatira ake zikwizikwi anathawira ku Congo, ndipo iye anamwalira mu 1978 ali pa ukaidi wosachoka panyumba mu Lusaka.

Manambala amenewa tawatenga kuti? Ku mapepala a boma: malipoti a asilikali ndi apolisi, ndi lipoti la komiti yofufuza limene linatuluka mu 1965. Boma linati ophedwa onse anapitirira 700, ndipo olemba mbiri ambiri amati chiwerengero chenicheni chinali chachikulu kuposa pamenepo. Amene ankawombera ndi amenenso ankawerenga mitembo. Mayi wa ku Paishuko sanasiye chikalata. Bambo wa pa boma amene anaphedwa ali m'tulo nayenso sanasiye. Zimene zinatsala ku mbali zonse ziwiri ndi nkhani za m'mabanja, zonenedwa motsitsa mawu, ndipo zambiri zinapita kumanda ndi eni ake. Lamulo la zadzidzidzi limene linalengezedwa m'masiku amenewo linakhalapo mpaka 1991.

Tisanamizane kuti foni ikadapulumutsa munthu mu 1964. Mphekesera ndi imene inathira mafuta pa moto umenewo, ndipo WhatsApp ndi galimoto yabwino ya mphekesera. Mwina magazi akadachuluka. Chimene tikunena n'chochepa: pakadatsala umboni wina wosachokera ku ofesi, ndipo mdzukulu wofuna kudziwa lero akadakhala ndi poyang'ana pawiri.

Ufulu unasintha mtundu wa pepala, koma sunasinthe kwenikweni mwini wa buku lalikulu. NRC inalowa m'malo mwa chitupa kuyambira 1965. Nkhani za Kum'mawa zinkabwera pa wailesi ya boma ndi m'nyuzipepala ya Chinyanja ya Tsopano, yosindikizidwa ndi Zambia Information Services. Mlimi wa chimanga, nshawa kapena thonje akagulitsa ku NAMBOARD, ku kopaletivu kapena ku Lintco, kalaliki ankalemba ndi kaboni: tsamba lapamwamba looneka bwino, lachiwiri lotuwa, lachitatu losawerengeka. Kaboni tisamunyoze. Ndiye anali woyamba kupatsa mlimi chofanana ndi chimene chatsala mu ofesi, cholembedwa ndi dzanja lomwelo pa nthawi yomweyo. Agogo athu ankadziwa mtengo wake, nchifukwa chake malisiti ankagona m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi ndalama ya maliro. Mpaka lero mlimi amene wapereka matumba ake ku depoti ya FRA amasunga kapepala kake ngati mwana wakhanda, podziwa kuti malipiro akachedwa ndi kokhako kamene kadzamulankhulira. Pambuyo pake kunabwera fotokope, koma fotokope imafuna magetsi, ndalama, ulendo wa pa boma, ndi chidindo cha munthu wina wotsimikiza kuti ndi yoona. Mphamvu inali idakali pa chidindo.

Pa nthawi yomweyo, kutali ndi ife, anthu a makompyuta ankalimbana ndi vuto lawo: zimene zili pa sikirini zimazimiririka ukangozima makina. Poyamba ankangoloza kamera pa sikiriniyo. Kompyuta ya IBM ya mu 1981 inabwera ndi batani la Print Screen, ndipo dzinalo silinali lonama: ukalikanikiza, zilembo za pa sikirini zinkapita ku pulinta n'kutuluka pa pepala. Macintosh ya Apple ya mu 1984 inkatha kusunga sikirini ngati fayilo ya chithunzi. Windows itafala, batani lija linasiya kutumiza ku pulinta n'kuyamba kungogwira chithunzicho m'kati, kudikira kuti uchimate penapake. Amene tinaphunzira kompyuta m'ma internet cafe a ku Chipata ndi Lusaka tikukumbukira mwambo wake: Print Screen, kutsegula Paint, kumata, kusunga pa flash, uku mphindi zimene walipira zikutha.

Mitundu ya mafayilo nayo ili ndi mbiri yake, ndipo imatikhudza kuposa mmene timaganizira. GIF inatuluka mu 1987 ku kampani ya CompuServe. JPEG inakhazikitsidwa mu 1992, yopangidwira zithunzi za kamera. Chinsinsi chake ndi kutaya dala tizidutswa tina kuti fayilo ichepe. Pankhope ya munthu kapena pamunda wa soya diso silizindikira, koma pa zilembo zing'onozing'ono limazindikira, ndipo chithunzi chikapanikizidwa kangapo, 3 amayamba kufanana ndi 8. Kumapeto kwa 1994 kampani ya Unisys inayamba kufuna malipiro pa njira imene GIF inkagwiritsa ntchito. Anthu odzipereka pa intaneti anakwiya, ndipo mu Januwale 1995, motsogozedwa ndi Thomas Boutell, anayamba kupanga mtundu waulere umene sutaya kadontho ngakhale kamodzi. Umenewo ndi PNG, umene unavomerezedwa mu Okutobala 1996. Screenshot ya pa iPhone imasungidwa mu PNG. Mafoni ambiri a Android amasunga mu PNG kapena JPG malinga ndi kampani.

Chaka chomwecho cha 1996 Zambia inapereka phunziro lake ku dziko lonse. ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia mu 1994, inali italowetsa dziko lino pa intaneti msanga kuposa maiko ambiri a mu Africa. Pa 5 Febuluwale 1996 nyuzipepala ya The Post inatulutsa nambala 401, youlula mapulani a boma la Frederick Chiluba pa nkhani ya malamulo oyendetsera dziko. Boma linailetsa, akonzi Fred M'membe, Bright Mwape ndi Masautso Phiri anamangidwa, ndipo ZAMNET inakakamizidwa kuichotsa pa intaneti. Koma wowerenga wina wa kunja kwa dziko anali ataikopera kale, ndipo anaiikanso pamalo pamene apolisi a mu Lusaka sakadafika. Sinali screenshot monga tikuidziwira lero, koma mzimu wake ndi womwewo: sunga usanafufutidwe.

Lundazi njira ya kompyuta anaidumpha. Anthu ambiri kumeneko, monga m'maboma ena akumidzi, anakumana ndi sikirini yawoyawo koyamba pa foni. Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010; Telecel inali itasanduka MTN mu 2005. iPhone inayamba kujambula sikirini mu 2008, koma imeneyo inali nkhani ya ku Kabulonga. Chimene chinasintha zinthu kwa ife ndi Android 4.0 ya mu 2011, imene inapangitsa kuti batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu zikakanikizidwa pamodzi zijambule sikirini, kenako kusefukira kwa ma Tecno ndi ma Itel otsika mtengo. Kwa nthawi yoyamba munthu wa ku Mphamba kapena ku Emusa anatha kudzipangira yekha kope la zimene ofesi yamuuza, popanda kupempha, popanda kulipira, popanda chidindo.

Ndipo zofunika kukopera zinachuluka nthawi yomweyo, chifukwa ndalama ndi boma zinasamukira mu foni. Airtel Money ndi MTN Mobile Money zinalowa m'malo mwa kutumiza ndalama ndi kondakitala wa basi pa msewu wa makilomita pafupifupi 180 wa Chipata ndi Lundazi. Mu nyengo ya 2015/2016 boma linayamba kuyesa e-voucher ya FISP m'maboma 13, ndipo mu 2017/2018 inafalikira dziko lonse. Mlimi ankaika K400 yake n'kudikira kuti khadi litsegulidwe, ndipo ambiri anadikira mvula itagwa kale. Mawu atsopano analowa m'chilankhulo: "system ili down", "simukuoneka mu system". System ndiye kaundula wa bwana DC wa masiku ano, buku limene sungalitsegule. Kusiyana kwake n'kwakuti lomba mwana wa mlimi uja amajambula uthenga wosonyeza kuti ndalama inalowa, tsiku lake ndi nambala yake, n'kuutumiza kwa mkulu wake ku Lusaka amene angapite nawo ku ofesi yaikulu. Sikuti nthawi zonse zimathandiza. Koma kukana munthu amene wagwira umboni m'manja kumafuna nkhope yolimba kuposa kukana munthu wa manja okhaokha.

Pa masankho m'pamene mphamvu imeneyi inaonekera poyera, ndipo phunziro loyamba linachokera tsidya lina la malire a Lusuntha. Abale athu a ku Mzimba ndi Kasungu anavota pa 21 Meyi 2019, ndipo posakhalitsa zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tippex zinali pa foni iliyonse, mpaka kuno kwathu. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti la za malamulo a dziko la Malawi anafafaniza masankho a Pulezidenti, ndipo pa 23 Juni anthu anavotanso, Lazarus Chakwera n'kupambana. Khoti silinagamule chifukwa cha zithunzi za pa WhatsApp. Linaona mapepala enieni ndi kumva mboni kwa miyezi. Koma zithunzizo ndi zimene zinachititsa kuti nkhaniyo isakwiriridwe, chifukwa munthu aliyense anali ataona Tippex ndi maso ake.

Kuno tinali ndi chilonda chathu cha 2016, pamene mkangano wa mafomu a Gen 12 unathera m'khoti popanda kumvedwa chifukwa masiku 14 anatha. Choncho pa 12 Ogasiti 2021 achinyamata anapita kukavota atachaja mafoni. Masana a tsikulo WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Messenger zinasiya kugwira. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku High Court, ndipo tsiku lotsatira khoti linalamula ZICTA kuti itsegule. Mu Malichi 2022 ZICTA inavomera pamaso pa khoti kuti sidzasokonezanso intaneti kunja kwa mphamvu zimene lamulo limaipatsa, ndiponso kuti pakakhala kusokonezeka idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Amene anatseka anaiwala chinthu chimodzi: kutseka msewu sikufufuta zimene zili kale mu gallery. Fomu ya Gen 20 ikamatidwa pakhomo la sukulu, ku Lundazi Central, ku Chasefu kapena ku Lumezi, aliyense ali ndi ufulu woijambula. Chithunzicho chinkadikira, kapena chinkadutsa pa Bluetooth, kapena pa VPN imene theka la dziko linaiphunzira tsiku limodzi. Hakainde Hichilema anapambana ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni kuposa Edgar Lungu, kusiyana kwakukulu moti mwina zithunzi sizinali zofunika. Komabe aliyense wofuna kusintha nambala ankadziwa kuti makope ali m'matumba a anthu osawerengeka.

Lomba tinene mbali imene sitikonda. Chida chimene chimatiteteza kwa akuluakulu n'chomwecho chimene chimatipereka kwa iwo. Mu Malichi 2020 apolisi anamanga mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi pomuganizira kuti ananyoza Pulezidenti pa Facebook. Lamulo la kunyoza Pulezidenti linachotsedwa mu Disembala 2022, koma malamulo a za intaneti a 2021 analowedwa m'malo ndi ena awiri mu Epulo 2025, amene Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anawadandaula kuti akupereka mphamvu yochuluka yolondalonda anthu. Ndipo nthawi zambiri safunika kukulondalonda ndi makina odula. Amangofunika munthu mmodzi mu gulu lanu la anthu 40 amene ali ndi zala ziwiri. M'nthawi ya chipani chimodzi makolo athu ankatsitsa mawu m'bawa poopa ma shushushu. Ife tapatsa aliyense wa m'banja zida za ntchito imeneyo. Mabanja atha chifukwa cha screenshot. Atsikana asiya sukulu chifukwa zimene anatumizira munthu mmodzi zinafika kwa anthu a boma lonse, ndipo manyazi amagwera wojambulidwa, osati wofalitsa. WhatsApp inabweretsa kufufuta uthenga kwa onse mu 2017 ndi zithunzi zoona kamodzi mu 2021, kenako n'kutseka kujambula zithunzi zoterozo. Koma m'nyumba mukakhala foni yachiwiri, chitseko chimenecho n'cha udzu.

Palinso bodza. Screenshot ndi chithunzi chabe, ndipo chithunzi chimasinthika. Mwana wa Grade 9 angasandutse K50 kukhala K500 asanamalize kumwa maheu. Zikalata zabodza zokhala ndi chizindikiro cha boma zimazungulira chaka chilichonse, za ntchito za uphunzitsi, za ngongole, za maholide amene kulibe. Pa nkhani imeneyi akatswiri enieni a umboni m'dziko muno ndi atsikana ndi anyamata okhala m'ma booth a mobile money. Muonetseni screenshot yokongola bwanji, sakupatsani ngwee mpaka uthenga ulowe pa foni yake, kapena aone nambala ya transaction. Iye anazindikira kale chimene ena a ife tikuchedwa kuchimvetsa: screenshot ndi chala choloza ku buku lalikulu, ndipo bukulo lidakali ku kampani. Lamulo nalo limaona choncho. Electronic Communications and Transactions Act ya 2021 imalola uthenga wa pa makina kukhala umboni m'khoti, koma kulemera kwake kumadalira mmene unapangidwira, mmene unasungidwira, ndiponso ngati mwini wake akudziwika. Chithunzi chimene chadutsa m'magulu asanu n'chopepuka. Foni yeniyeni imene uthenga unafikira ndi yolemera.

Apa m'pofunika kudziwa zimene zimachitika m'kati. Foni ikajambula sikirini, imapatsa fayiloyo dzina lokhala ndi tsiku ndi ola, n'kuiika mu foda ya Screenshots. Tikaitumiza pa WhatsApp monga chithunzi wamba, WhatsApp imaipanikiza kukhala JPEG yaing'ono kuti bundle isathe, imachotsa zambiri zobisika za fayiloyo, ndipo kwa wolandira imafika ndi dzina latsopano la IMG ndi WA, lokhala ndi tsiku limene yafika, osati limene inajambulidwa. Ikajambulidwanso pa foni ya wolandirayo, n'kudulidwa, n'kutumizidwanso, imafanana ndi tsamba lachitatu la kaboni lija. Kuitumiza monga document kumaisunga mmene ilili, dzina ndi ubwino wake. Ndi kachinthu kakang'ono, koma pa mlandu wa munda kapena wa malipiro kangakhale kusiyana kwa kumvedwa ndi kusekedwa.

Anthu a m'malire akuphunzira zimenezi ndi misozi. Mu Julaye 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park, imene mbali yake ya kumadzulo imagundana ndi Zambia. Kuyambira pamenepo alimi a ku Lumezi, dera limene linali mbali ya Lundazi mpaka 2018, ndi a madera oyandikana mbali zonse ziwiri za malire, akhala akudandaula za minda yowonongedwa, nkhokwe zogumulidwa ndi anthu ophedwa. Mu 2025 maloya a Leigh Day a ku London analengeza kuti akuimira ena mwa anthuwa pa dandaulo lawo kwa bungwe la IFAW, limene linathandiza pa kusamutsako. IFAW imakana kuti ili ndi mlandu. Amene akulondola si ife oweruza. Chimene tikuona n'chakuti dandaulo la mlimi wa m'malire lafika ku London, ndipo kuti lifike kumeneko pamafunika tsiku, malo, dzina la mudzi, kukula kwa munda. Chithunzi cha chimanga chopondedwa chopanda zimenezi chingakhale cha kulikonse, cha chaka chilichonse. Kale DC yekha ndi amene ankadziwa kufunika kolemba deti pamwamba pa tsamba.

Ndipo DC anatiposa pa chinthu china. Buku lake lakhala zaka pafupifupi 100 ndipo likuwerengekabe. Mapepala a UNIP, amene ankawonongeka mu Lusaka, anajambulidwa mu 2007 ndi thandizo la British Library, ndipo lero wophunzira angawaone pa intaneti. Nanga zathu? Mbiri ya Lundazi ya zaka 15 zapitazi, mitengo ya soya imene mavenda ankapereka, mauthenga a FISP, mikangano ya ufumu, chilala cha 2024, mndandanda wa opereka pa maliro, zonsezi zili m'mafoni a sikirini yosweka, m'ma memory card a K60 amene amafa osatsanzika, m'madilowa a anyamata okonza mafoni pa msika. Foni ikalemba kuti malo atha, foda ya Screenshots ndi imene timayamba kusesa kuti tisunge mavidiyo a kitchen party. Palibe ofesi imene ikusonkhanitsa zimenezi, ndipo makampani amene timadalira sanalonjeze kutisungira mpaka kale. Akaunti ya WhatsApp ikakhala masiku 120 osalumikizidwa imafufutidwa. Google, kuyambira Disembala 2023, ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yagona zaka ziwiri, pamodzi ndi zithunzi zake. Nambala ya foni ikasiya kugwiritsidwa ntchito imaperekedwa kwa munthu wina.

Agogo akamwalira kumudzi, sutikesi yachitsulo imatsegulidwa pamaso pa banja, ndipo mapepala amaperekedwa kwa munthu wodalirika. Foni imapita kwa mdzukulu. Iye sadziwa password, choncho Loweruka lotsatira amakwera njinga kupita nayo pa boma kukaiflasha.